Ndipite ku Joni kapena ndibwerere kumudzi? Mulungu wangoti zii

Funso lochokera kwa bambo wina wa mu Blantyre:

"Abusa, ndagwira ntchito yoyang'anira katundu pa kampani ina ku Limbe kwa zaka 9. Chaka chatha anatichotsa anthu ambiri, akuti malonda sakuyenda. Makalata ofunsira ntchito ndamwaza paliponse koma kuli zii. Ndasala kudya, kuphiri ndakwera. Mneneri wina anandiuza kuti miyezi itatu isanathe khomo linditsegukira ku Joni, ndipo ndinafesa mbewu ndi ndalama zimene ndinatsala nazo. Miyezi ija inatha kalekale. Alamu anga a ku Johannesburg akuti ndingopita, zina tikaonera konko. Mayi akunyumba akuti tibwerere kwawo ku Thyolo tikalime. Lendi sitinalipire miyezi iwiri, ana atatu ali pasukulu. Kodi Mulungu wanditaya? Ndinamulakwira chiyani? Nanga njira imene Iye akufuna ndiidziwa bwanji?"

Yankho la abusa:

Pepani bambo. Mwa mafunso anu atatu ndiyamba ndi lachiwiri, loti munamulakwira chiyani Mulungu, chifukwa ndi limene limamusowetsa munthu tulo anzake onse atagona, ndipo likapanda kuyankhidwa limaononga mayankho ena onse. Munthu wodziona ngati wolangidwa sasankha bwino. Amangofuna wina amuuze chindapusa chake kuti alipire zithe, ndipo anthu otchula chindapusacho m'tauni muno sasowa.

Ophunzira a Yesu ataona munthu wobadwa wosaona anafunsa funso lanu lomweli: anachimwa ndani, iyeyu kapena makolo ake? Yesu anati si iyeyu, si makolo akenso (Yohane 9). Tsiku lina anatchula anthu 18 amene anafa nsanja ya ku Siloamu itawagwera, n'kufunsa ngati anali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu, ndipo anadziyankha yekha kuti ayi (Luka 13:4-5). Bwerani nazo kwathu kuno. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, itatsitsidwa kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. Makampani ooda katundu kunja anayamba kusowa ndalama zakunja, nyumba zosungira katundu n'kuyamba kuuma, ndipo woyamba kuuzidwa kuti akhale kaye kunyumba ndi munthu ngati inu, amene ntchito yake ndi kuwerenga katundu amene sakubweranso. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche mu Malichi 2023, sanafunse kuti nyumba iyi ndi ya mkulu wa mpingo kapena ya chidakwa. Ng'amba ya 2024, ija boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'tsoka, inapsereza chimanga cha wopemphera ndi cha wosapemphera mofanana.

Ngati pali tchimo limene mukulidziwa ndi dzina lake, lapani, kakonzeni zinthu ndi amene munamulakwira, nkhani ithere pomwepo. Mzimu Woyera akamatsutsa munthu amalozeratu: ndalama ija unatenga, mawu aja unanena. Koma kulemedwa kopanda dzina, kongoti "payenera kuti pali chimene ndinachita", sindikhulupirira kuti kumachokera kwa Iye. Anzake a Yobu anachita bwino masiku 7 amene anangokhala naye pansi osayankhula. Atatsegula pakamwa kuti amufufuzire tchimo, Mulungu anawakwiyira (Yobu 42:7).

Tsopano za mneneri uja, ndipo pano ndichedwapo.

Vesi limene Amalawi timalikonda pa nthawi ngati yanu ndi Yeremiya 29:11, lija lonena kuti Mulungu akudziwa zimene akutiganizira, zamtendere osati zoipa. Lili pa makalendala, kumbuyo kwa minibasi, pa makadi a ukwati. Koma ndi ochepa amene amawerenga chaputala 28, pamene mkangano wake wayambira. M'chaka cha 597 Khristu asanabadwe, Nebukadinezara anatenga mfumu Yekoniya, akalonga, amisiri ndi osula zitsulo n'kupita nawo ku Babulo, pamodzi ndi ziwiya za m'Nyumba ya Mulungu. Patapita zaka zochepa kunadzuka mneneri dzina lake Hananiya. Anaima m'kachisi pamaso pa ansembe ndi anthu onse, n'kunena m'dzina la Yehova kuti zaka ziwiri zisanathe ziwiya zibwerera, mfumu ibwerera, otengedwa onse abwerera. Yeremiya anali pomwepo, goli lamtengo lili m'khosi, chizindikiro choti ukapolowo ukadalipo. Yankho lake loyamba limandikhudza nthawi zonse ndikaliwerenga: anati ameni, Yehova achitedi zimenezo. Nayenso ankalakalaka zitakhala zoona. Koma anaonjeza kuti mneneri wolosera zamtendere amadziwika pamene mawu ake achitika. Hananiya anamuvula goli lija n'kulithyola khamu lonse likuona, Yeremiya n'kungochokapo osanena kanthu. Ndikuganiza kuti tsiku limenelo anthu anapita kwawo akuimba, akunena kuti mneneri wa tsoka uja lero wachita manyazi. Pambuyo pake mawu anabwera akuti goli lamtengo lathyokadi, koma m'malo mwake mubwera lachitsulo, ndiponso kuti Hananiya wachititsa anthu kudalira bodza. Patangotha miyezi iwiri Hananiya anamwalira.

Kalata ya mu chaputala 29 inapita kwa otengedwa aja ku Babulo, amene nawonso anali ndi aneneri awo kumeneko owauza zokoma m'makutu. Yeremiya anawalembera kuti mangani nyumba mukhalemo, limani minda mudye zipatso zake, kwatirani, kwatitsani ana anu, ufunireni mtendere mzinda umene mwatengedwerako ndipo muziupempherera. Zaka zake ndi 70. Vesi 11 likubwera pambuyo pa mawu amenewa. Bambo wa zaka 40 amene anamva kalatayo ikuwerengedwa anadziwa kuti Yerusalemu sadzamuonanso ndi maso. Lonjezo linali loona, ndipo ana ndi zidzukulu anabwereradi Koresi mfumu ya Perisiya atalanda Babulo mu 539 n'kuwalola kupita kwawo. Koma anthu amene anauzidwa kuti Mulungu akuwaganizira zabwino anapatsidwa khasu m'manja, osati tsiku limene iwo ankafuna kumva. Kwa ine, umu ndi m'mene Mulungu amatsogolera anthu ake kawirikawiri zinthu zikathina. Sakonda kunena tsiku limene vuto lithere. Amanena chimene munthu achite mawa m'mawa, vutolo lili chikhalire.

Mneneri wanu anakupatsani tsiku, ndipo tsikulo linadutsa. Deuteronomo 18:22 imati munthu akanena m'dzina la Yehova koma mawuwo osachitika, Yehova sananene, ndipo musamuope. Sindikunena kuti uneneri kulibe. Paulo anati tisanyoze maulosi, koma tiyese zonse n'kusunga chokoma (1 Atesalonika 5:20-21), ndiye kuyesa kwake n'kumeneku. Pa nkhani ya ndalama, Elisa anakana mphatso za Namani ngakhale atamuumiriza, ndipo Gehazi amene anazithamangira anatenga khate. Petro anauza Simoni wa ku Samariya kuti ndalama zake zitayike naye limodzi, chifukwa ankayesa kuti mphatso ya Mulungu ndi yogula. Kupereka kwa Mulungu n'kwabwino, ine ndemwe ndimaphunzitsa za chakhumi. Koma kulandira ndalama yomaliza ya munthu wopanda ntchito pomulonjeza tsiku, kumeneko n'kumudyera masuku pamutu. Mawu otere ali ngati katapila: lero amakupepuza mtima, mwezi ukatha n'kukuthyola msana.

Mukabwereranso kwa iye, mwina adzati chikhulupiriro chanu chinachepa, kapena mbewu inachepa, kapena pali wina kumudzi anakumangani. Chomalizachi muchenjere nacho. Mabanja apasuka, agogo osalakwa athamangitsidwa pamudzi ndipo ena aphedwa kumene chifukwa cha mawu otere, ndipo lamulo la dziko lino la mu 1911 limati kumunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Musabwerereko.

Nanga Joni ndi kumudzi? Mwina mukuyembekezera kuti ndikupatseni vesi loti pitani kapena loti khalani. Onse awiri alimo. Njala itagwa, Mulungu anauza Isake kuti asatsikire ku Igupto, akhale m'dziko lomwelo, ndipo anafesa n'kukolola zochuluka ka 100 chaka chomwecho (Genesis 26). Mwana wake Yakobo, pa njala ina, anauzidwa kuti asaope kutsikira ku Igupto komweko, Mulungu apita naye (Genesis 46). Elimeleki anathawa njala ku Betelehemu kupita ku Mowabu, n'kukafera konko pamodzi ndi ana ake aamuna awiri, ndipo buku la Rute silinena kuti analakwa kapena sanalakwe. Mlaliki amene angakuwerengereni za Isake yekha, kapena za Yakobo yekha, wakusankhirani yankho lake n'kuliveka vesi. Kutsegula Baibulo mwachisawawa n'kuloza chala pamene pagwera maso, amenewonso ndi maula.

Taonani m'mene zinamuyendera Paulo mu Machitidwe 16, munthu amene palibe angati sankamva Mzimu. Ankafuna kukalalikira ku Asiya, analetsedwa. Anayesa kulowa ku Bituniya, sanaloledwe. Sitiwerenga kuti anauzidwa chifukwa chake kapena kwina kopita. Iye, Sila ndi Timoteo anangopitiriza kuyenda mpaka msewu unakathera panyanja ku Trowa. Kumeneko ndi kumene anaona masomphenya a munthu wa ku Makedoniya akupempha thandizo, ndipo ngakhale apo Luka akulemba mochulukitsa, kuti tinatsimikiza kuti Mulungu watiitana. Masomphenya anaona mmodzi, koma kuweruza tanthauzo lake kunali kwa gulu. Atafika ku Filipi anapeza amayi akupemphera m'mbali mwa mtsinje, ndipo pasanapite nthawi Paulo ndi Sila anakwapulidwa n'kuponyedwa m'chipinda cham'kati cha ndende, miyendo ili m'zigologolo. Njira imene Mulungu anawatsegulira yekha inadutsa m'ndende. Choncho kuwawa kwa njira si umboni woti mwasochera, monganso kusalala kwake si umboni woti mwalondola.

Ena adzakuuzani kuti tsatirani kumene mtima wanu wapeza mtendere. Pang'ono n'zoona, koma musatsamire pamenepo ndi thupi lonse. Yona anagona tulo tofa nato m'chombo akuthawa Mulungu. Yesu anatuluka thukuta longa magazi m'Getsemane ali pakati penipeni pa chifuniro cha Atate. Munthu amene watopa ndi kugogoda kwa mwininyumba amapeza "mtendere" pa chilichonse chomuchotsa pakhomopo.

Poyambira pabwino ndi Deuteronomo 29:29: zobisika n'za Yehova, zoululidwa n'zathu ndi ana athu kuti tizichite. Zoti ku Joni zikakuyenderani kapena ayi n'zobisika, ndipo palibe wa kuphiri kapena wa m'tchalitchi amene akuzidziwa. Koma zoululidwa zilipo zokwanira kuyamba nazo: kusamalira a pabanja panu, kusanama, kumvera malamulo a dziko, kukhala thupi limodzi ndi akazi anu, ndi kufunsa uphungu, poti zolinga zimalephera popanda aphungu (Miyambo 15:22). Maulendo anu awiriwo tiwayeze ndi zimenezi.

Kupita ku Joni si tchimo. Agogo athu anapita pa Wenela ndi Teba kukakumba m'migodi, ndipo lero mukayenda ku Mangochi kapena ku Mzimba muona nyumba zamalata zomangidwa ndi marandi. Alipo Akhristu okhulupirika amene aphunzitsa ana awo ndi ntchito ya m'maluwa, yophika kapena yosoka kumeneko. Koma "zina tikaonera konko" si mawu osiyira mkazi ndi ana atatu. Pasipoti ya Malawi imakulolani kulowa mu South Africa kukacheza masiku 30, siikulolani kugwira ntchito. Masikuwo akatha mumakhala munthu woyenda akucheuka, bwana akhoza kukumanani malipiro podziwa kuti simungakamusumire, ndipo akakugwirani mumakathera ku Lindela, ku Krugersdorp, kudikira kubwezedwa. Ziwawa zothamangitsa alendo za mu 2008, 2015 ndi 2019 zinabweza Amalawi ambiri chimanjamanja, moti mu 2015 boma linachita kutumiza mabasi kukawatenga. Ambiri amanyamuka pa ngongole ya transipota, kudutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, n'kutha miyezi yoyamba akubweza ngongoleyo kunyumba kusanapite kanthu. Ndipo m'mipingo mwathu muli amayi ambiri amene amuna awo anatchona. Foni inkalira sabata iliyonse, kenako mwa apo ndi apo, kenako nambala ija siipezekanso.

Ndiye aimbireni alamu anu, muyankhulane pakamwa osati timauthenga ta pa WhatsApp, akazi anu ali pompo akumva. Ntchito yake ndi yanji, kwa ndani, ilipo kale kapena mukachita kuifunafuna mukafika? Malipiro ndi angati pa sabata, chipinda ndi ndalama zingati, mwezi woyamba mukagona pati? Iwowo akukhalira mapepala anji? Zikavuta, ndalama yobwerera ichokera kuti? Kufunsa chonchi si kusowa chikhulupiriro. Yesu yemwe anati wofuna kumanga nsanja ayambe wakhala pansi kuwerengera mtengo wake (Luka 14:28), ndipo makolo athu anati safunsa anadya phula. Akayankha momveka bwino, ndiye kuti muli ndi chinthu chenicheni choti mupempherere. Akamangobwereza kuti "bwerani alamu, Mulungu ndi wabwino", yankho mwalimva.

Musaganize kuti ndikunena kuti kumudzi ndi ku Kenani. Ku Thyolo malo ndi ochepa, nthaka yambiri yabwino ili pansi pa tiyi, ndipo mabanja ambiri amalima kachigawo kosakwana kuwadyetsa chaka chonse. Mafunso akufunika kumenekonso. Mundawo ndi waukulu bwanji, panopa akulima ndani, ndipo avomera kuusiya popanda mlandu wa kwa amfumu? Dimba lilipo? Feteleza agulidwa ndi chiyani, poti wa makuponi safikira aliyense? Kuchokera tsiku lofika mpaka chimanga chiche mudzadya chiyani? Ndikukhulupirira kuti mayi ali nawo kale ena mwa mayankho amenewa. Amayi sakonda kutchula zobwerera kumudzi asanawerengere.

Pali china chimene simunalembe, ndipo mundikhululukire ndikachitchula. Kumudziko n'kwawo kwa mayi. Mukapita mukakhala mkamwini, munthu uja ankabwera pa Khirisimasi atanyamula shuga, sopo ndi nsalu ya apongozi, lero watsika ndi matilesi ndi mapoto. N'zowawa, sindikukana. Koma dzifunseni moona mtima ngati chimene chikukukokerani ku Joni ndi Mzimu kapena manyazi, poti ku Joni munthu akamagona ndi njala palibe wakwawo amamuona. Mawu oti "anthu adzati chiyani" akweza amuna ambiri mabasi amene sanafunike kukwera. Naomi, mkazi wa Elimeleki uja, anabwerera ku Betelehemu mudzi wonse ukumuyang'ana, amayi akufunsana ngati ndi yemwe uja, iye n'kunena poyera kuti anachoka wodzala, wabwera wopanda kanthu. Wolemba akungoonjezapo kuti anafika poyambira kukolola barele. Rute, mpongozi wake, anapita kukakunkha, ndipo nkhaniyo imati zinangochitika kuti anafika m'munda wa Bowazi. Panalibe loto, panalibe mneneri. Panali mkazi wamasiye amene anadzuka kukafuna chakudya cha tsikulo, ndipo dzanja la Mulungu pa nkhaniyo linadzaoneka pambuyo pake, mwana wake Obedi atakhala agogo a mfumu Davide.

Mwandifunsa, ndiye ndinene maganizo anga, osati monga "atero Yehova" koma monga mbusa amene wakhala pansi ndi mabanja ambiri pa nkhani yomweyi. Pa zimene mwalemba, sindikuona chifukwa chokwanira chonyamukira ku Joni panopa. Chimene chinabzala ganizolo ndi ulosi umene walephera, ndipo chimene chikulithirira ndi mawu a alamu opanda ntchito yodziwika kumbuyo kwake. Mawu a akazi anu ndikuwapatsa kulemera kwambiri, chifukwa ndi iwo amene adzasenze zotsatira zake kulikonse kumene mungalowere, ndipo Mulungu sachita manyazi kuyankhula ndi bambo kudzera mwa mayi amene akudya naye mbale imodzi.

Komanso njira si ziwiri zokha. Mabanja ena amagawana kwa nyengo imodzi ya ulimi: mayi ndi ana aang'ono kumudzi kukalima, bambo n'kutsala m'tauni m'kachipinda kotchipa akugwira maganyu ndi kufunafuna ntchito. Thyolo ndi Limbe n'pafupi, minibasi imodzi mwafika, si Beitbridge. Elisa anafunsa mkazi wamasiye uja angongole ankafuna kumulanda ana kuti m'nyumba muli chiyani (2 Mafumu 4). Inu muli ndi zaka 9 zodziwa kulandira katundu, kulemba m'kaundula, ndi kuzindikira pa manambala pamene katundu akutulukira kuseri. Eni magolosale ndi maholoselo ambiri mu Limbe katundu amawathera osadziwa kumene walowera. Mwina sangakulembeni ntchito ya pamwezi, koma wina angakulipireni kumuwerengera sitoko kamodzi pa sabata, ndipo makalata amene mwamwaza aja sanafike kwa anthu amenewa. Ngati kampani ija sinakupatseni ndalama zimene lamulo limati wochotsedwa ntchito mwa njira imeneyi alandire, kapena za penshoni yanu simukuzidziwa bwino, pitani ku ofesi ya boma ya zantchito mukafunse. Mwininyumba mulondoleni nokha asanabwere iye, mumuuze zoona, mumupatse kochepa kamene mungapeze ndipo mugwirizane za kotsalako. Zimenezi sizimveka zauzimu, koma n'zomwe zija za kumanga nyumba ndi kulima minda ku Babulo.

Mwina mukuti, bwanji ndikasankha molakwa? Mu 1875 amishonale a Livingstonia, Robert Laws ali m'gulumo, anafika ku Cape Maclear pa sitima ya Ilala n'kumanga pamenepo, ali otsimikiza kuti malo ndi amenewo. Doko linali labwino, koma malungo anawatha. Pofika 1881 panali manda asanu, ndipo wobatizidwa anali mmodzi yekha, Albert Namalambe. Chaka chomwecho anasamukira ku Bandawe, kumenenso malungo sanawasiye, ndipo mu 1894 anakwera ku Khondowe. Kodi pomanga ku Cape Maclear anasemphana ndi Mulungu? Kapena posamuka anataya chikhulupiriro? Ine sindikuona choncho pa zonse ziwiri. Anachita zimene ankadziwa pa nthawiyo, ataona zimene malowo akuwachita anasintha, ndipo Namalambe uja ndi amene anatsala akuyang'anira ntchito ku Cape Maclear. Laws anakhala m'dziko lino mpaka 1927. Chifuniro cha Mulungu si kanjira kamodzi kobisika koti mukakaphonya ndiye kuti zanu zada mpaka kalekale. Mukasankha mutapemphera, mutafunsa, mutagwirizana ndi akazi anu, popanda chinyengo, ndiye zikakavuta mudzasinthe osadziimba mlandu. N'chifukwa chake ndi bwino kuikiratu nthawi, kuti tiyesa izi mpaka kukolola, kenako tikhalanso pansi.

Latsala funso lanu loyamba, loti kodi wakutayani. Davide anafunsa "mpaka liti" kanayi m'Salimo 13 lokha. Salimo 88 limayamba ndi kulira n'kuthera mumdima, popanda vesi lotembenuka kunena kuti koma zonse zili bwino, ndipo Mulungu analola kuti likhale m'buku lake. Habakuku anawerenga mkuyu wosaphuka, mpesa wopanda zipatso, minda yopanda chakudya ndi makola opanda ng'ombe, n'kunena kuti adzakondwerabe mwa Yehova, zinthuzo zisanasinthe. Ambuye Yesu pamtanda anafuula mawu a Salimo 22, ofunsa Mulungu chifukwa chimene wamusiyira. Ndiye funso lanu musalibise popemphera. Linenereni kwa Iye m'mene lilili, m'Chichewa chanu cha tsiku ndi tsiku. Koma yankho lake musalifune pa kalata ya ntchito, ngati kuti ikabwera ndiye kuti amakukondani, ikapanda kubwera ndiye kuti wakutayani. Paulo mu Aroma 8 akutchula nsautso, njala ndi usiwa ndi maina awo, monga zinthu zimene Mkhristu akhoza kukumana nazo, n'kunena kuti palibe mwa izo chingatilekanitse ndi chikondi cha Khristu. Umboni umene akupereka ndi wakuti Mulungu sanatimane Mwana wake. Sanakutayeni, bambo.

Za kusala kudya ndinenepo pang'ono. N'kwabwino, koma si sitalaka yomuopsezera Mulungu kuti ayankhe msanga. Eliya atathawira m'chipululu n'kupempha kuti afe, mngelo sanamuuze kuti asale. Anamupatsa mkate ndi madzi, anamusiya agone, anamudzutsa n'kumudyetsanso, ndipo mawu a Mulungu anabwera pambuyo pake ku Horebu (1 Mafumu 19). Munthu wanjala ndi wosagona amamva mawu ambiri amene si a Mulungu. Ngati mumamwa mankhwala a shuga, a BP kapena ma ARV, musawadumphe chifukwa cha kusala. Kuphiri pitani ngati mukufuna malo a phee, koma amene mumakamufuna kumeneko ndi yemweyo ali m'chipinda chanu cha lendi.

Ndipo musasenze nokha. Apolisi akhala akulengeza chaka ndi chaka kuti mwa anthu odzipha m'dziko muno ambiri ndi amuna, ndipo ngongole ndi mavuto a m'banja zimatchulidwa kawirikawiri. Ngati maganizo oti banja lingapepukidwe inu kulibe anayamba akufikirani, uzani munthu lero lomwe, akazi anu, abusa anu, kapena pitani ku Queens mukaonane ndi a zamaganizo. Ku Zomba kuli chipatala chake, ndipo a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Si kuchepa kwa pemphero, ndi matenda othandizika. Amayi ali ndi Mvano ndi Chigwirizano kumene amalirirana ndi kusonkherana ufa. Ife abambo timafika Lamulungu titamanga tayi, "tili bwino, kaya inu", kunyumba moto usanayake. Muuzeni mkulu wa mpingo wa kumlaga kwanu, kapena wa kumphakati ngati ndinu a Katolika, zimene mwandiuza inezi. Mutu umodzi susenza denga, komanso ntchito zambiri mu Blantyre zimamveka pakamwa zisanafike m'nyuzipepala, ndipo anthu sangakutchuleni ngati sakudziwa kuti muli pakhomo.

Sabata ino khalani pansi ndi mayi ana atagona, pepala ndi cholembera zili patsogolo. Lembani ngongole zonse, zimene zingagulitsidwe popanda kupha banja, ndi mayankho a za munda uja. Pempherani limodzi mokweza, aliyense anene mantha ake. Kenako muwaimbire alamu. Mukatero mundilemberenso zimene ayankha, makamaka za mapepala, ndipo mundiuzenso makalasi a ana, chifukwa ngati pali wa Sitandade 8 kapena wa Fomu 4, zosamuka ziyenera kudikira kaye alembe mayeso.